Sikimu, alawansi kapena chipatala cha mgwirizano: wantchito wa pakampani yaing'ono apemphe chiti?

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama m'mabizinesi ang'onoang'ono atatu muno mu Lilongwe: galaja, shopu ya zipangizo zomangira nyumba ndi bekale ya anthu 9. Mwa mabuku onse omwe ndimagwira, londipweteka mtima ndi la adivansi. Pambali pa dzina ndi ndalama pamakhala kadanga kolembapo chifukwa, ndipo kadanga kameneko kamangobwereza nkhani imodzi: mwana wadwala, mayi agonekedwa, mankhwala a BP atha.

M'mawa wina nthawi ya dzinja, makaniko wamkulu wa pagalaja paja anafika maso ali psuu, osagona. Mwana wake wa zaka zitatu anatentha thupi pakati pa usiku, ndiye anamunyamula pa kabaza kupita naye kukiliniki yolipira ya pafupi. Anamupeza ndi malungo n'kumuika diripi. Bamboyo anaima pakhomo la ofesi, chipewa atachipinda m'manja, n'kunena chapansipansi kuti, "Bwana, pepani, ndimati mundionereko ka adivansi, mwana ali pa diripi." Bwana anapereka, ine n'kulemba kuti tidzadule kutha kwa mwezi. Potuluka anandikokera pambali. "Achimwene, kodi si lamulo kuti kampani izitilipirira kuchipatala? Alamu anga a kubanki amangoonetsa khadi basi."

Ndinamuyankha zomwe ndikukuuzani inunso, kuti lamulo limenelo m'Malawi muno mulibe. Wolemba ntchito, kaya ali ndi anthu 4 kaya 400, sakakamizidwa kuwalowetsa mu sikimu ya zachipatala. Alamu a kubanki aja ali ndi khadi chifukwa zinalembedwa m'mgwirizano wawo wa ntchito. Abale athu a ku Chipata ndi ku Katete zawo zinasintha: dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA limatolera 1 peresenti ya malipiro kwa wantchito ndi 1 peresenti ina kwa bwana wake. Kwathu kuno chipatala cha boma n'chaulere, ndipo chilichonse choposa pamenepo chimabwera pokambirana. Tsono poti n'zokambirana, munthu ayenera kudziwa chomwe akupempha ndi chomwe sayenera kupempha n'komwe popeza n'chake kale.

Zomwe ndi zanu kale

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi tchuthi chodwala cha masabata 4 akulandira malipiro onse, ndi masabata ena 8 akulandira theka, chaka ndi chaka, bola abweretse kalata ya dokotala wovomerezeka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, ndipo pamene lamuloli linakonzedwanso mu 2021 abambo nawo anapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa. Kusabwera kuntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Amene wachotsedwa motero akadandaule ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Kuvulala pantchito ndiye nkhani yomwe ndimafuna aliyense wa m'galaja, m'chigayo kapena m'bekale aimvetse bwinobwino. Kachitsulo kakathetheka pa gilayinda n'kulowa m'diso, kapena dzanja likakanirira m'makina okandira ufa, ndalama za kuchipatala si chisomo cha bwana. Lamulo la Workers' Compensation Act, nalonso la 2000, limamusenzetsa udindo wolipira chithandizo ndi kupereka chipukuta misozi ngati munthu walumala kapena wamwalira, ndipo ngoziyo iyenera kukanenedwa ku ofesi ya leba. Ndalama yotereyi isalembedwe m'buku la adivansi. Ndinakanapo kuilemba, ndipo ndidzakananso. Bwana wanzeru amagula inshulansi ya ngozi za pantchito ku makampani a inshulansi kuti tsokalo lisadzagwetse bizinesi, koma agule asagule, udindo ndi wake.

Palinso inshulansi ina yomwe imasokoneza anthu. Lamulo la penshoni limati, kwa antchito omwe limawakhudza, bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, komanso bwana agule inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ena akamva kuti "muli pa inshulansi" amaganiza kuti atha kupita nayo kuchipatala. Iyayi, imeneyo imatuluka munthu akamwalira. Ali moyo sigula ngakhale m'bulu umodzi wa panado.

Sikimu ya zachipatala

Iyi ndiye njira yomwe aliyense amailakalaka. Bungwe lodziwika kwambiri ndi Medical Aid Society of Malawi, lomwe tonse timangoti MASM, ndipo lili ndi magawo monga Econoplan, Executive ndi VIP. Alipo enanso monga MedHealth ndi Wemas. Kachitidwe kake n'kofanana: mwezi uliwonse pamalipiridwa ndalama pa mutu uliwonse wolembetsedwa, ndipo mukadwala mumaonetsa khadi kuchipatala chomwe chimagwira ntchito ndi sikimuyo.

Mphamvu yake ili pa kuchuluka kwa anthu. Ndalama za anthu masauzande zili m'thumba limodzi, kotero opaleshoni ya munthu mmodzi sigwetsa aliyense. Khadi limayenda nanu: dalaivala wonyamula simenti akadwalira ku Mzuzu kapena ku Blantyre sadikira kuti abwerere kaye ku Lilongwe. Ndipo china chomwe anthu sachiwerengera mpaka tsiku lowaonekera n'chakuti bwana saona matenda anu. Iye amangoona ndalama ya pamwezi, zotsalazo zili pakati pa inu, dokotala ndi sikimu.

Koma safunsa anadya phula. Mtengo umawerengedwa pa mutu, ndiye bambo wa ana anayi akati alembetse banja lonse, ndalama yake ikhoza kudya gawo lalikulu la salale ya makaniko. Bwana akati "ndikuikani pa sikimu", funsani ngati ndi inu nokha kapena ndi banja lomwe, chifukwa m'buku langa la adivansi odwala ambiri ndi ana ndi amayi awo, osati antchito eni ake. Funsaninso za nthawi yodikira. Olowa kumene nthawi zambiri amadikira miyezi ingapo sikimu isanayambe kulipira zinthu monga uchembere, magalasi, mano kapena matenda omwe munthu walowa nawo kale. Chithandizo chilichonse chili ndi malire ake a pachaka, ndipo gawo lotsika mtengo limakhala ndi malire otsika komanso zipatala zochepa. Ndiye pali shortfall, ndalama yomwe imatsala chipatala chikatchaja kuposa zomwe sikimu imalola. Imeneyo mumatulutsa m'thumba mwanu pa kauntala pomwepo. Pepala la mgwirizano linene ndani azilipira shortfall, inu kapena kampani.

Choopsa kwambiri pa bizinesi yaing'ono ndi khadi kutsekedwa. Pakampani ina yomwe ndinagwirako kale, ndalama za sikimu zinkadulidwa pa salale mwezi uliwonse, koma zinthu zitavuta mwini wake anasiya kutumiza kwa miyezi itatu osauza aliyense. Mayi wina wa pamalopo anakadziwira pa kauntala, mwana ali kumsana akubanika ndi chifuwa, atauzidwa kuti khadi lake silikugwira. Anabwerera kukafola kuchipatala cha boma, ndalama zake zitadulidwa kale. Mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira mmene anandiyang'anira, popeza ndine ndinkalemba ma payslip. Ngati mukudulidwa ya sikimu, muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuona umboni woti yatumizidwa, kapena kuimbira sikimuyo nokha n'kufunsa ngati khadi lili moyo. Ndipo musanasiye ntchito, funsani ngati mungapitirize kulipira panokha kuti musadzayambenso kudikira pachiyambi.

Mgwirizano ndi chipatala chimodzi

Njira iyi siimveka ya apamwamba, koma pa malo a anthu osakwana 15 ndi imene ndaiona ikugwira ntchito. Bwana amapita kukiliniki kapena kuchipatala cha mishoni cha pafupi, amasiya mndandanda wa maina a antchito ndi mabanja awo, ndipo amagwirizana kuti aliyense wa pamndandandawo azithandizidwa osatulutsa ndalama, bilu izibwera kuofesi kutha kwa mwezi. Ena amasiya dipoziti kuti chipatala chikhazikike mtima.

Zipatala za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya chikhristu, zimayenerera bwino njira imeneyi chifukwa mitengo yake imakhala yotsikirapo kusiyana ndi zipatala zikuluzikulu za pulayiveti. Kuno ku Lilongwe tili ndi Likuni, Nkhoma ndi St Gabriel's ku Namitete. Ku Blantyre kuli Mlambe ku Lunzu. Kumpoto kuli Ekwendeni. Zambiri mwa izo zilinso ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa mwaulere, ndiye ndi bwino kufunsa zimenezi kaye kuti kampani isamalipire zomwe boma lalipira kale.

Ubwino wake ndi woti bwana amalipira zomwe zagwiritsidwa ntchito basi. Mwezi womwe palibe wadwala, palibe bilu. Kulibe nthawi yodikira, ndipo matenda omwe amatidya tsiku ndi tsiku, malungo, kutsegula m'mimba, chibayo, mabala, BP, amathera pomwepo. Makaniko uja akanakhala pamndandanda wotere, sakanaima pakhomo ndi chipewa m'manja.

Zofooka zake n'zazikulu ndithu ndipo sindizibisa. Choyamba, si inshulansi. Matenda aakulu akabwera, bilu yonse imagwera munthu mmodzi, ndipo mwini galaja sangasenze opaleshoni yaikulu kapena kugonekedwa kwa milungu itatu. Nchifukwa chake pamafunika malire olembedwa, kuti pa banja lililonse kampani ilipira mpaka mwakuti pachaka, ndipo zikaposa apo wodwala atumizidwe ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth. Chachiwiri, chithandizo chili pamalo amodzi. Mukadwalira kumudzi pa tchuthi mumadzionera nokha. Chachitatu ndi chinsinsi. Bilu ikabwera ndi dzina la munthu ndi dzina la mankhwala, aliyense wa muofesi amadziwa chomwe mnzake akudwala. Lamulo la HIV and AIDS Act la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilombo, komabe mphekesera zikayamba m'galaja, lamulo silizibweza. Pemphani kuti bilu izionetsa dzina, tsiku ndi ndalama zokha. Ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndiye palibe chifukwa choti nkhani imeneyo idutsire pa desiki ya bwana.

Alawansi ya m'thumba

Mukawafunsa antchito kuti asankhe, ambiri amati, "Ingotipatsani ndalamayo, tizionera tokha." Ndimawamvetsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amene salale yake imatha pa 15 sangakane kowonjezera. Bwana nayenso imamukomera chifukwa n'njosavuta kuwerengera.

Komabe mwa njira zonse, iyi ndi imene sindiikhulupirira. Ndalama ya mankhwala ikalowa m'thumba limodzi ndi salale imasanduka ufa, makala ndi lendi, ndipo palibe amene angamudzudzule munthu pogula chakudya cha ana. Tsiku lodwala likafika, palibe chatsala, ndipo bwana amakhala ndi poyankhira: "Si ndimakupatsani ya kuchipatala mwezi uliwonse?" Potsatira pake ndi katapila. Komanso ngati malipiro anu afika podulidwa msonkho wa PAYE, alawansiyo imawerengedwa limodzi ndi salale.

Tiyerekeze galaja ya anthu 8, bwana akupereka K15,000 kwa aliyense pamwezi. Munthu mmodzi pachaka walandira K180,000, yomwe yabwera pang'onopang'ono n'kuthera m'zina. Ndalama yomweyo ikasungidwa pamodzi ndi K120,000 pamwezi, K1,440,000 pachaka. Sikuti anthu 8 onsewo adzagonekedwa chaka chimodzi, ndiye thumba limenelo lingathe kupulumutsa awiri kapena atatu omwe tsoka lawagwera. Bwana watulutsa ndalama yofanana, koma ntchito yomwe yagwira n'njosiyana kutali.

Ndiye pali kugwa kwa kwacha. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala ambiri m'mafamase mwathu amachokera kunja, kotero mitengo inakwera pomwepo, pamene alawansi yolembedwa kuti "K15,000" inakhala pomwe inali. Amene wavomera alawansi aonetsetse kuti palembedwa zoti iziunikidwa chaka chilichonse. Ine ndimaiona yoyenera kwa munthu mmodzi yekha: amene mkazi kapena mwamuna wake ali kale ndi khadi la sikimu kuntchito kwake ndipo banja lonse lili momwemo. Kwa ameneyo alawansi imathandiza kulipira shortfall.

Kubwezeredwa pa lisiti, ndi thumba la antchito

Mabwana ena amati kalipireni, mubweretse lisiti, tikubwezerani. Zimathandiza amene ali ndi ndalama yoyambira. Amene alibe, pakati pa usiku lisiti aitenga kuti? Ngati ndi njira yokhayo yomwe ilipo, palembedwe kuti kubweza kuzichitika pasanathe masiku angati.

Kwina antchito amasonkha okha, monga timachitira pa banki m'khonde kapena chipereganyu, bwana n'kumathirapo gawo lake. Ku bekale kuja amachita zimenezi ndipo zawathandiza pa thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani, zinthu zomwe palibe sikimu imalipira ngakhale mutagonekedwa mwaulere kuchipatala cha boma. Ndalama zake zikhale ku akaunti yosainira anthu awiri kapena atatu, osati m'dirowa ya bwana, chifukwa tsiku losowa ndalama ya ufa wa buledi dzanja limapita m'dirowamo.

Nanga ine ndingasankhe chiti?

Ngati m'banja mwanu muli matenda a mgonagona monga shuga, BP kapena mphumu, kapena ntchito yanu ndi yoyendayenda, limbikirani sikimu, ngakhale gawo lotsika, ngakhale mutagawana mtengo ndi bwana theka ndi theka. Mankhwala a mwezi ndi mwezi ndi amene amamaliza salale mwakachetechete. Achinyamata omwe akukonzekera kuyamba banja alowe msanga, nthawi yodikira ithe mimba isanabwere.

Ngati malipiro ndi ochepa, ana ndi ambiri, ndipo nonse mumakhala dera limodzi, mgwirizano ndi chipatala cha mishoni kapena kiliniki yodalirika umafikira anthu ochuluka pa ndalama yomweyo. Kuphatikiza ndi kathumba ka antchito, mwatseka mipata yambiri. Matenda aakulu adzatheradi kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko chomwe chidzakusungeni ndi tchuthi chodwala chija ndi kutsimikiza kuti ntchito mudzaipeza pobwerera.

Kwa eni mabizinesi, omwe ambiri ndi anthu ovutika ngati ife tomwe, ndimangowatsegulira buku la adivansi n'kuwonkhetsa ndalama zonse zolembedwa "matenda" pachaka, kuphatikizapo zomwe sizinabwezedwe ndi masiku omwe galimoto ya kasitomala inagona pa jeke chifukwa makaniko anali pamzere kuchipatala. Ambiri amadabwa kupeza kuti akulipira kale, kungoti mosalongosoka komanso mochititsa manyazi wopemphayo.

Popempha musapite nokhanokha. Khalani pansi antchito nonse, mugwirizane chinthu chimodzi, mupite awiri kapena atatu pa nthawi yomwe bwana sali pa mpanipani, ndipo mupite ndi mitengo yeniyeni yochokera ku sikimu kapena kuchipatala. Chomwe mwagwirizana chilembedwe. Employment Act imalamula wolemba ntchito amene ali ndi antchito 5 kapena kuposa kuti apereke kwa aliyense kalata yofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi, ndipo za kuchipatala zikalowa m'kalata imeneyo zimakhala gawo la mgwirizano lomwe mungaimire nalo ku ofesi ya leba. Ngakhale muli atatu okha, pepala losainidwa ndi mbali zonse ziwiri limathandiza.

Pagalaja paja tinatenga njira ya kiliniki. Zinatenga miyezi iwiri kuti bwana avomere, ndipo zonse zinakwana pa pepala limodzi: dzina la kiliniki, maina a olembetsedwa, malire a pachaka pa banja, zoti bilu isamatchule matenda, ndi zoti kuvulala pantchito sikuwerengedwa m'malirewo popeza kampani imalipira kale mwalamulo. Kope limodzi ndinaika mu fayilo. Lake makaniko uja analipinda n'kuliika m'kabuku ka kuchipatala ka mwana wake.

Mfundo imodzi inatikanika. Bwana anati olembetsedwa akhale mkazi ndi ana obereka okha osapitirira atatu. Koma mwa anyamata 8 aja, asanu akulera ana a achemwali kapena achimwene awo omwe anamwalira, ndipo wowotcherera zitsulo anafunsa kuti, "Bwana, nanga malungo akamugwira wa achemwali uja, ndizimuuza kuti iwe suli pa pepala?" Bwana anakhala chete kanthawi, kenako anati aliyense asankhe yekha ana atatu a pakhomo pake posayang'ana amene anabereka, ndipo za wachinayi tidzakambirana mu Januwale pounika malipiro. Tsikulo ndinalilemba kale pa kalendala ya muofesi.